Filimu ya mphindi 12, masiku anayi ojambula: mmene ntchitoyi imayendera muno mu Zomba

Script (zolemba za nkhani ya filimu) yolembedwa mwa dongosolo lake imayenda chonchi: tsamba limodzi, mphindi imodzi ya kanema. Gulu laling'ono la kamera imodzi likamagwira bwino ntchito limajambula masamba atatu kapena anayi pa tsiku. Ndiye kuti filimu ya mphindi 12 ikufuna masiku anayi, ndipo masiku anayiwo ndi amene mukugula ndi ndalama zanu zam'thumba. Kamera mungathe kubwereka kwa mnzanu wojambula maukwati, laputopu mungapemphe, koma tsiku limene anthu 15 asiya ntchito zawo, akwera galimoto, adya nsima, silibwera laulere kachiwiri. Likapita pachabe chifukwa batire latha kapena chigayo chayamba kulira, mudzalilipira kawiri.

N'chifukwa chake ntchito yaikulu imachitika kamera isanatuluke m'chikwama. Musanalembe mzere woyamba wa nkhani, lembani kaye zimene muli nazo m'manja: nyumba ya azakhali ku Chinamwali imene angakulolezeni masiku awiri, golosale ya mnzanu ku Matawale, njinga yamoto ya alamu anu akabaza, khonde la sukulu nthawi ya holide. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Nkhani ilembedwe molowa m'malo amenewa. Malo asapitirire anayi, anthu olankhula asapitirire asanu. Kusamuka pamalo kupita pena kumadya maola awiri ngakhale mtunda ukhale waufupi, poti mupasule zida, mulongedze, mudikire amene watsalira, muyambenso kumanga. Mzere umodzi wonena kuti "usiku, pamaliro, anthu ambiri akuimba" ukufuna magetsi owalitsa bwalo lonse, jenereta, anthu 40 oti adye ndi chilolezo cha mudzi. Maliro omwewo angathe kumveka kuseri kwa chitseko kamera ili pankhope ya mayi mmodzi m'chipinda, ndipo ife timaona kuti akatero m'pamene amalasa mtima kwambiri.

Zolankhula za anthu a m'filimu zilembedwe m'Chichewa kuyambira pachiyambi. Zikayamba m'Chingerezi n'kumasuliridwa zimamveka ngati nkhani za pawailesi, wosewera n'kumazitafuna ndi lilime lolemera. Mayi wogulitsa tomato mumsika wa Zomba sanganene kuti "ndakhumudwa ndi khalidwe lanu." Iye amati "mwandilakwira, achimwene," mwinanso n'kuponyamo liwu la Chiyao. Sonkhanitsani osewera pamkeka awerenge script yonse mokweza, wina atagwira foni kuwerengera nthawi. Mawu athu ndi aatali, moti tsamba lodzaza ndi zokambirana limatha kupitirira mphindi, masamba 12 n'kutuluka mphindi 15. Ndi bwino kudula tsiku limenelo ndi cholembera kusiyana n'kujambula zimene mudzataye.

Kenako script iphwanyidwe. Scene iliyonse, kutanthauza kagawo ka nkhani kochitika pamalo amodzi nthawi imodzi, ipatsidwe nambala ndi pepala lake: malo, masana kapena usiku, osewera ake, zovala, katundu wogwira m'manja. Mapepalawo muwasanje potsata malo. Zonse za m'nyumba ya ku Chinamwali zijambulidwe pamodzi ngakhale ina ili yoyamba m'nkhani, ina yomaliza. Apa m'pamene pamalowera vuto la kusagwirizana kwa zithunzi. Munthu amatuluka pakhomo Lolemba atamanga duku mfundo ili kumbuyo, n'kukafika pagolosale Lachinayi mfundo ili patsogolo, pamene m'filimu padutsa masekondi awiri okha. Pafunika munthu mmodzi amene ntchito yake ndi kope ndi foni basi: kujambula wosewera aliyense scene isanayambe, kulemba dzanja limene lanyamula jumbo, pamene tiyi walekezera m'kapu. Zovala zisapite kunyumba kwa osewera, zigone m'thumba lolembedwa dzina. Amuna auzidwe poyera kuti kumeta tsitsi kapena ndevu kwaletsedwa mpaka tsiku lomaliza.

Nyengo ndi dzuwa la kuno

Mu Juni dzuwa limatuluka cha m'ma 6 koloko n'kulowa isanakwane hafu pasiti 5. Mu Disembala limatuluka itangopitirira 5 koloko n'kulowa itangopitirira 6. Tauniyi ili m'tsinde mwa phiri, choncho malo ena dzuwa limabisala kuseri kwa phirilo nthawi yolowa isanakwane. Pitani pamalo pamene mukajambulepo nthawi yomweyo imene scene idzajambulidwe, muone ndi maso anu mthunzi ukufika nthawi yanji. Kuwala kokoma kwa panja kumapezeka m'mawa mpaka cha m'ma 9 koloko ndi madzulo kuyambira 3 koloko. Pakati pa tsiku dzuwa limakhala paliwombo, maso a munthu amalowa mumdima, chipumi chimang'anima. Maola amenewo aikidwire ma scene a m'nyumba ndi nkhomaliro.

Miyezi ya Meyi mpaka Ogasiti ndiyo yofatsa, koma chiperoni chikabwera chimakuta phiri ndi nkhungu ndi mvula yowaza kwa masiku angapo. Ngati mwakonza zokwera ku Mulunguzi Dam kapena ku Emperor's View, khalani ndi scene ya m'nyumba yokonzeka kulowa m'malo mwake m'mawa womwewo. Seputembala ndi Okutobala utsi wa moto wa tchire umabisa chigwa chonse, kamera zing'onozing'ono zimadzizimitsa chifukwa cha kutentha, nyenje nazo zimalira osapuma. Nthawi ya dzinja, mvula ikagwa pa malata mawu ndiye palibe. Samalaninso ndi maonekedwe a dziko: chimanga cha kuseri kwa nyumba mu Januwale chimatalika moonekeratu m'masabata awiri, ndipo phiri lobiriwira la Epulo silifanana ndi la Seputembala. Shot (chidutswa chimene kamera yajambula osaima) yoiwalika simungakaitenge patatha miyezi iwiri n'kuganiza kuti ilowa. Wofuna nyanja ya Chilwa akaone kaye ku Kachulu kuti madzi ali pati chaka chimenecho. Nyanjayi idauma mu 1995, mu 2018 madzi anathawiranso kutali ndi doko.

Za chilolezo tisatalikitse. Mumsika ndi m'misewu ya mtauni, kalata ipite ku khonsolo ya mzinda, apolisi adziwitsidwe, makamaka ngati muli ndewu, chikwanje kapena yunifomu. Nkhalango ya paphiri ili m'manja mwa a za nkhalango. Kamera isaloze ku Cobbe Barracks, ku ndende yaikulu kapena ku State House, ndipo drone isauluke mwachisawawa mtauni ya asilikali ngati ino popanda chilolezo cha oyang'anira za ndege. Kumudzi, ku Jali kapena ku Thondwe, mukayambire kwa amfumu, mutatsagana ndi mwana wa m'mudzimo, osapita chimanjamanja, ndipo muwafotokozere nkhani yonse ya filimuyo. Kumanda sakulowa popanda iwo. Maliro akagwa m'mudzimo, kujambula kwaima tsiku limenelo, palibe zokambirana. Aliyense wooneka nkhope asaine pepala lovomereza, la mwana asaine kholo.

Ndalama zambiri zimathera m'mimba ndi m'mafuta. Popeza mitengo ikusintha mwezi ndi mwezi, bajeti muiwerenge m'malita a petulo ndi m'mbale za nsima, kenako muike mitengo sabata yojambulayo. Anthu 15 amafuna ufa makilogalamu anayi kapena asanu pa chakudya chimodzi, zigubu ziwiri za madzi akumwa za malita 20, tiyi wam'mawa, ndi wophika amene alibe ntchito ina pa filimuyo. Mafuta agulidwiretu. Gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama zonse litsekeredwe kuti lidzagwire ntchito kujambula kukatha, chifukwa mafilimu ambiri amafera mu hard drive eni ake atadya zonse m'masiku ojambula. Malipiro adutse pa Airtel Money kapena Mpamba kuti umboni utsale.

Mawu

Pano ndi pamene tikufuna tikhalitsepo. Woonera amapirira chithunzi chakuda pang'ono, koma akalephera kumva zimene munthu wanena amatseka filimuyo mphindi yachiwiri isanathe. Maikolofoni ya pakamera isagwiritsidwe ntchito kujambulira zolankhula. Ili kutali ndi pakamwa, ndiye imatola chipinda chonse mofanana. Pafunika maikolofoni ya pandodo, imene timaitcha boom, ilendewere pamwamba pa mutu, masentimita 30 mpaka 60 kuchoka pakamwa, italoza pachifuwa cha wolankhulayo. Mtunda ukawirikiza kawiri, mphamvu ya mawu imatsika ndi 6 dB pamene phokoso la malowo lili pomwepo. Wogwira boom aloweze script ngati wosewera, kuti azitembenuza maikolofoni munthu winayo asanatsegule pakamwa. Chojambulira mawu chiikidwe pa WAV, 48 kHz, 24-bit, mawu okwera azigunda cha pa -12 dB. Wamawu asavule mahedifoni, ndipo akhale ndi mphamvu yoimitsa take (ulendo umodzi wojambula shot) ngakhale wotsogolera filimu ataikonda.

Popita kukaona malo, imani chete mphindi zisanu mutatsinzina. Chigayo chili mbali iti? Msewu wa M3 uli patali bwanji, mathiraki ake akumveka? Pali wowotcherera zitsulo, bala ya masipika, sukulu imene ana amatuluka 10 koloko? Ku Zomba mizikiti ndi yambiri ndipo kuitanira mapemphero kumachitika kasanu pa tsiku, Lachisanu masana kumatalikirapo. Lamulungu m'mawa matchalitchi amayatsa zokuzira mawu. Nthawi zimenezi n'zodziwika, choncho zilembedwe pa ndondomeko ya tsiku kuti gulu lizipuma kapena kusuntha magetsi pa nthawiyo. Mwini chigayo mungakambirane naye kuti azimitse ola limodzi mutamulipira zimene akanapeza. Magetsi akazima, dera lonse limakhala zii, ndipo gulu limene zida zake zonse zikuyendera mabatire lithamangire scene ya zolankhula zambiri nthawi yomweyo.

Nyumba zathu zambiri pansi ndi simenti, makoma ndi osalala, siling'i palibe. Mawu amagunda khoma n'kubwerera, munthu n'kumamveka ngati ali m'bafa, ndipo zimenezi n'zovuta kwambiri kuchotsa pakompyuta. Yalani mabulangete pansi ndi pa makoma amene kamera sakuwaona, imikani matiresi kuseri kwa kamera. Furiji izimitsidwe, makiyi a galimoto aikidwe m'furijimo kuti musachoke osaiyatsanso n'kuwonongera eni nyumba ndiwo. Mafoni onse azimitsidwe. Maikolofoni yaing'ono yobisa m'malaya imatidwe ndi pulasitala pakhungu kapena pa vesiti ya thonje, poti chitenje chatsopano ndi malaya a nayiloni zimakhwekhwereza munthu akangopuma. Panja, mphepo ya mwera imafuna chophimba chaubweya pa maikolofoni. Kasiponji kokha sikathandiza. Musanachoke pamalo alionse, aliyense aime chilili mujambule kachetechete wa malowo kwa mphindi imodzi, amene adzatseke mipata polumikiza zidutswa za filimuyo pakompyuta. Mzere umene njinga yamoto yauwononga ubwerezedwe pompo, mawu okha, wosewera asanaiwale mmene anaunenera.

Chithunzi

Magetsi a ESCOM amayenda pa 50 Hz. Kamera ikhale pa mafelemu 25 pa sekondi, shutter (nthawi imene kamera imalowetsa kuwala pa felemu iliyonse) pa 1/50 ya sekondi. Mafoni ambiri amabwera ali pa 30, ndipo pansi pa mababu ena chithunzi chimaphethira kapena kudutsa mizere yoyenda. Panja shutter isakwezedwe pofuna kuchepetsa kuwala, chifukwa mayendedwe a anthu amaoneka odukaduka. Ntchito imeneyo ndi ya ND filter, kagalasi kodera kochepetsa kuwala kolowa m'kamera. White balance (imene imauza kamera mtundu wa kuwala) ikhomeredwe pamanja, 5600K masana, cha m'ma 3200K pa mababu ofiirira, isasiyidwe pa auto. 1080p yowala bwino ikukwanira, 4K imangodzaza makhadi ndi kulemetsa laputopu.

Khungu lathu likaima kutsogolo kwa thambo loyera kapena zenera, kamera imayeza kuwala kwa kumbuyoko, nkhope n'kusanduka chithunzithunzi. Yezani kuwala pankhope. Dzuwa likhale kumbuyo kapena chammbali kwa wosewera, kenako mulibwezere kunkhope ndi katoni yomatidwa pepala loyera kapena kabolodi koyera, mita imodzi kapena iwiri kuchoka pa munthuyo. Dzuwa likakula, anthu awiri atambasule shiti yoyera ya pabedi pamwamba pa mutu wake. M'nyumba, zenera ndilo nyale yanu yaikulu: wosewera akhale cham'mbali mwake, nyale imodzi ya LED ya mawati 60 kapena 100 iwalitse khoma loyera kuti kuwala kubwerere mofewa. Scene ya koloboyi kapena kandulo imafunabe ka LED kofiirira kobisidwa pansi pa tebulo. Jenereta ikafunika, ikhale mamita 30 kapena kuposa kuseri kwa nyumba ina, ndipo machaja asalumikizidwe popanda choteteza, poti mphamvu yake imakwera n'kutsika. Kamera imodzi ikhale ndi mabatire anayi kapena asanu, olembedwa manambala, odzaza m'thumba lina, otha m'thumba lina.

Scene iliyonse iyambe ndi shot yaikulu yoonetsa zonse kuyambira poyamba mpaka pomaliza, kenako kamera iyandikire munthu mmodzimmodzi, pomaliza tizidutswa: manja akusenda nthochi, ndalama patebulo, chitseko. Tizidutswa timeneti ndi timene timapulumutsa wolumikiza pamene ma take awiri akukana kugwirana. Pakati pa anthu awiri olankhulana pali mzere wosaoneka, kamera ikhale mbali imodzi ya mzerewo. Ikaoloka, onse awiri amaoneka akuyang'ana mbali imodzi ngati akulankhula ndi munthu wachitatu. Gulu laling'ono limakwanitsa kuimika kamera malo 15 mpaka 20 pa tsiku. Mndandanda wa ma shot ukafika 35, dziwani kuti theka simulijambula, ndiye sankhiranitu usiku oti adzagwe.

Zomba ili ndi osewera aluso, ochokera ku zisudzo za ku Chanco, za m'masukulu ndi m'matchalitchi. Koma pa siteji munthu amaphunzira kuponya mawu kuti wakumbuyo amve ndi kutambasula manja kuti aoneke, pamene kamera ili mita imodzi kuchoka pamphuno pake. Patulani masiku awiri oyeserera, muziwajambula pafoni n'kuwaonetsa, amadziona okha. Pa set, pamalo ojambulirawo, malangizo aperekedwe pafupi ndi khutu, osati mokuwa pagulu, makamaka kwa akuluakulu: "Amayi, tibwerezeko kamodzi. Mwanayo ali pamiyendo panu, musamudzutse." Mawu otere amatsitsa liwu ndi manja nthawi imodzi kuposa kuwauza kuti achepetse. Take iliyonse iyambe mofanana: chete, mawu ayambe kujambulidwa, kamera iyambe, nambala ya scene ndi ya take zitchulidwe, wina aombe m'manja kamodzi kutsogolo kwa kamera. Kuomba kumeneko ndiko kudzagwirizanitse mawu ndi chithunzi.

Usiku uliwonse, anthu asanagone

Kamera yojambula pa 100 Mbps imadya pafupifupi 45 GB pa ola. Filimu ya mphindi 12 imatuluka m'zojambula za maola awiri kapena atatu, ndiye kuti 90 mpaka 135 GB, mawu osawerengera. Makhadi akhale a V30 (chizindikiro cha liwiro la khadi), ogulidwa pamalo odalirika, chifukwa makhadi achinyengo amalemba 128 GB pamwamba koma akadzaza malo ake enieni amayamba kuwononga mafayilo mwakachetechete. Madzulo zonse zikopedwe pa ma hard drive awiri, m'mafoda a tsiku ndi nambala ya khadi, mafayilo angapo atsegulidwe kuona kuti akuseweradi, kenako khadi lifufutidwe m'kamera momwemo. Ma drive awiriwo agone nyumba zosiyana. Afomatidwe pa exFAT, poti FAT32 imakana fayilo yoposa 4 GB. Wotsogolera ndi wakamera aonere zimene ajambula usiku womwewo, malo akadali m'manja ndi osewera akadali pafupi.

Kulumikiza kumatenga nthawi yaitali kuposa kujambula: filimu ya masiku anayi ipatsidwe masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi. Pulogalamu yolumikizira filimu ya DaVinci Resolve ili ndi mtundu waulere wokwanira ntchito yonse, koma imafuna laputopu ya 16 GB ya RAM. Laputopu yofooka ipangiridwe ma proxy, makope opepuka a zojambulazo. Yambani ndi kugwirizanitsa mawu ndi zithunzi, sanjani ma scene motsata script, kenako dulani. Moni wautali, kugogoda pachitseko, kuyenda kuchoka pageti kufika pakhonde, zambiri mwa izi zimachoka. Onetsani anthu asanu amene sanawerenge script, musawafunse ngati aikonda, afunseni akufotokozereni zimene zachitika. Pamene asokonezeka m'pamene pali ntchito. Chithunzi chikakhomedwa osasinthanso, m'pamene mitundu ikonzedwe ndi mawu asakanizidwe. Zolankhula zikhale pamwamba pa zonse, nyimbo pansi. YouTube imatsitsa mawu opitirira cha pa -14 LUFS (muyeso wa kukwera kwa mawu), ndiye kukweza mopyola apo n'kungowononga. Mvetserani pa kasipika ka foni muli pakhonde, chifukwa ambiri adzaonera momwemo. Mawu a Chingerezi olembedwa pansi asapitirire mizere iwiri, zilembo 42 pa mzere.

Nyimbo ya woimba wina siilowa m'filimu chifukwa choti mwamutchula kumapeto. Lamulo la Copyright la 2016 limateteza ntchito yake monga lidzatetezere yanu, ndipo COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za aluso limene lidakhazikitsidwa mu 1992, ndi kumene mungafunse za eni nyimbo ndi kulembetsa filimu yanu. Nyimbo yolira pawailesi ya m'golosale nthawi yojambula nayonso ili ndi mwini, izimitsidwe. Njira yosavuta ndi kupangana ndi woimba gitala kapena kwaya ya kwanuko apeke zatsopano, pepala lisainidwe lonena kuti nyimbozo ziloledwa mufilimu, pa TV ndi pa intaneti. Filimu yoonetsedwa kugulu imayenera kudutsa ku Censorship Board, malinga ndi lamulo la 1968, choncho kalata ipite tsiku loonetsa lisanalengezedwe.

Tulutsani mafayilo atatu: lalikulu losapanikizidwa kwambiri losunga pa ma drive onse awiri, la H.264 1080p cha pa 10 Mbps la pa intaneti, ndi lopanda zolankhula koma la nyimbo ndi phokoso la malo lokha, loti lidzathandize filimuyo ikadzafunidwa m'chinenero china. Ndondomeko yotulutsira ikhale iyi: zikondwerero za mafilimu kaye, poti zina sizilandira filimu imene ili kale poyera pa intaneti, kenako kuonetsa muholo anthu atalipira pakhomo, kenako TV, YouTube pomaliza. Amene akufuna kuiona msanga atumiziridwe linki yotseka yokhala ndi dzina lawo lolembedwa pachithunzi. Fayilo lenilenilo lisaperekedwe pa flash ngakhale kwa wosewera wamkulu, chifukwa likangofika pa kompyuta imodzi yoikira anthu mafilimu m'mafoni kumsika, sabata imeneyo lidzakhala lili ku Songani ndi ku Namadzi tsiku la holo lisanafike.